Kodi Nkhani ya Cisoni Iciza Mtima Kapena Iupha?

M'caka ca 1774, mu mzinda wa Leipzig m'dziko la Germany, mudasindikizidwa buku laling'ono limene lidagwedeza Ulaya yense. Dzina lake lidali Die Leiden des jungen Werthers, ndiko kunena kuti Masautso a Mnyamata Werther, ndipo mwini wake, Johann Wolfgang Goethe, adalilemba ali ndi zaka 24 zokha. M'bukumo mulibe nkhondo, mulibe mafumu, mulibe maulendo a pa nyanja. Mbali yake yaikulu ndiyo makalata amene mnyamata wina alembera bwenzi lake, kumuululira za mu mtima mwake: kuti wakonda namwali dzina lake Lotte, amene adatomeredwa kale ndi mwamuna wina, kuti alephera kumuiwala, kuti tulo tamthawa, nchito yamkanika, ndipo dziko lonse lamdera. Kalata iri yonse iposa inzake kulemera, mpaka pa mapeto pake mnyamatayo adzipha.

Owerenga sadalilandire bukuli monga nthano wamba. Anyamata ambiri adayamba kubvala monga Werther, jekete la buluu ndi kamalaya ka m'kati kacikasu. Zithunzi za Werther ndi Lotte zidajambulidwa pa makapu ndi pa mbale. Ngakhale Napoleon, pokumana ndi Goethe ku Erfurt m'caka ca 1808, adakamba naye za buku lomweli, pakuti adaliwerenga kangapo. Koma padamvekanso mbiri ina yoopsa, yakuti acinyamata ena alikutsata Werther mpaka kumanda. M'caka ca 1775 akulu a mzinda wa Leipzig adaletsa kugulitsa bukuli, ndipo ku Copenhagen adaliletsanso. Mu Januwale 1778, ku Weimar, mtsikana wina wa banja lomveka adapezeka atadzipha pafupi ndi nyumba ya Goethe mwini, ndipo anthu adanena kuti bukulo lidali naye. Ofufuza mbiri yakale apeza kuti imfa zokhala ndi umboni weniweni sizidali zambiri monga m'mene anthu ankanenera, komabe zidalipo.

Pamenepa pabuka funso limene silidakalambe. Mabuku ndi makanema otsegula za m'kati mwa munthu, monga mantha, nsanje, misala, kutaya mtima ndi cikumbumtima comtsutsa, aculuka lero kopambana kale, ndipo afika m'midzi pa lamya za m'manja, kumene buku silidafike konse. Wina akatha kuonera aulula kuti mtima wake wapepuka. Mnzake wokhala naye pa mkeka womwewo acoka atasweka. Kodi tsono nkoyenera kulemba, kuwerenga ndi kuonera nkhani zotere? Ndipo zikapweteka munthu, mlandu uli pa yani, pa wofotokoza kapena pa womvera?

Wolemba adacira

Coyamba coyenera kudziwa ndi ici, cakuti Goethe sadapeke masautsowo. M'caka ca 1772, ali ku Wetzlar, iye mwini adakonda namwali dzina lake Charlotte Buff, wotomeredwa ndi bwenzi lake Kestner, ndipo adacoka mu mzindamo mtima uli zilonda. Mu Okutobala caka comweco mnyamata wina amene Goethe ankamdziwa, Karl Wilhelm Jerusalem, adadzipha cifukwa ca cikondi cosatheka ndi zokhumudwitsa za pa nchito. Goethe adalumikiza nkhani ziwirizi, yake ndi ya mnzakeyo, nazilemba m'masabata owerengeka. Atakalamba, pofotokoza za moyo wake, adabvomera kuti nayenso maganizo a imfa ankamsautsa masiku amenewo, koma kuti atatsiriza kulemba adamva mtima wake utamasuka, monga munthu amene walapa macimo a moyo wake wonse. Adadandaula kuti cimene cidamciza iye cidasokoneza ena, amene adayesa kuti nthano njofunika kuicita. Posindikiza bukuli kaciwiri m'caka ca 1775, adaonjezapo mau ocenjeza owerenga kuti asatsate Werther. Iye mwini adakhala ndi moyo mpaka caka ca 1832, namwalira ali ndi zaka 82.

Nanga zidatheka bwanji kuti mankhwala amodzi omwewo acize wina ndi kupha wina? Wolembayo adatulutsa cisoni cake naciika pa pepala, ndipo potero adaima kunja kwake, naciyang'ana monga mlimi ayang'ana munga umene wauzula ku phazi. Woliwerenga wodwala mtima adacita zosiyana: adalowa m'kati mwa Werther, natseka citseko. Kalembedwe ka bukulo kadathandiza zimenezi, pakuti makalata ali m'menemo ndi a Werther. Mayankho a bwenzi lake Wilhelm saoneka. Munthu amva liu limodzi lokha kwa masamba ambirimbiri, ndipo liulo lilankhula mokoma. Goethe sadabise kuti imfa ya Werther idali yowawa ndi yonyansa, kuti adazunzika maola khumi ndi awiri asanatsirizike, ndi kuti Lotte adatsala ali wosweka. Koma mtima wodwala usankha zowerenga zake ngakhale m'kati mwa buku limodzi: utola cimene unkafuna kale, nulumpha zotsalazo.

Mkangano wakale

Anzeru a ku Greece adatsutsana za nkhani yomweyi zaka zoposa 2,300 zapitazo. Plato adaphunzitsa kuti masewero a cisoni athirira zilakolako zimene zikadayenera kufota, ndi kuti munthu wozolowera kulira pa masautso opeka adzalephera kudzigwira pa masautso ake enieni. Cifukwa cake m'dziko labwino limene adaliganizira sadafunemo olemba masewero otere. Wophunzira wake, Aristotle, adaona mwina. Iye adati sewero la cisoni lidzutsa cifundo ndi mantha, ndipo pozidzutsa litsuka mtima, kotero kuti munthu abwerera kwao atapepuka. Mbiri ya Werther isonyeza kuti onse awiri adanena zoona, koma ali yense adanena za munthu wake: Aristotle adafotokoza Goethe, Plato adafotokoza mtsikana wa ku Weimar uja.

Alipo munthu wacitatu amene awiriwa sadamuyang'anitse, ndiye woonera amene sacira ndiponso safa, koma angokondwera. Amene adamfotokoza bwino ndiye Augustino Woyera, m'buku lake la Confessiones limene adalemba ca m'ma 400, ali Episkopi wa ku Hippo. Iye adakumbukira kuti ali mwana pa sukulu ankalirira Dido, mfumukazi ya m'nthano ya Virgil imene idadzipha cifukwa ca cikondi, pamene za kufa kwa mzimu wake sadagwetsepo msozi. Atapita ku Carthage ali ndi zaka ngati 17, adakodwa ndi masewero a pa bwalo. Pambuyo pake adadzifunsa cifukwa cimene munthu alipira ndalama kuti amve cisoni poona zinthu zimene iye mwini sangafune kuti zimgwere, ndi cifukwa cimene acoka wokwiya ngati sewerolo silidamlize. Adapeza kuti woonera saitanidwa kuti athandize, koma kuti amve cisoni basi. Cifundo cotere cingokanda pa khungu monga zikhadabo, cikoma pa nthawi yokandayo, koma cisiya zilonda.

Mau amenewa akhudza anthu ambiri koposa a Plato ndi a Aristotle. Amene aphedwa ndi nkhani ndi ocepa. Amene aciritsidwa nayo saculuka kwenikweni. Koma ocita masautso a m'mtima wa munthu ngati ndiwo zokometsera madzulo ndi khamu lalikulu. Mai angathe kulira usiku wonse cifukwa ca mtsikana wa m'kanema amene wasokonezeka mutu, m'mawa mwake nkuseka wamisala wa pa msika pamene ana alikumponya miyala. Misozi yake idali yoona, koma siidapite kuli konse.

Zimene ofufuza apeza

Kwa zaka mazana awiri nkhaniyi idali ya maganizo cabe, wina kunena izi, wina kunena izo. M'caka ca 1974 David Phillips, wofufuza za cikhalidwe ca anthu ku America, adawerenga imfa za mwezi ndi mwezi, napeza kuti nyuzipepa zikalemba pa tsamba loyamba za munthu womveka amene wadzipha, odzipha aculuka m'masabata otsatira. Mcitidwe umenewu adaupatsa dzina la Werther, ndipo dzinalo lidakhazikika mpaka lero.

Kuti nthano yopeka ingathe kucita cimodzimodzi kudaoneka ku Germany m'caka ca 1981. Wailesi ya kanema ya ZDF idaonetsa sewero la zigawo zisanu ndi cimodzi, Tod eines Schülers, la mnyamata wa sukulu wa zaka 19 amene adadzipha. Colinga ca olikonza cidali cabwino, cakuti makolo ndi aphunzitsi atsegule maso. Koma cigawo ciri conse cinkayamba ndi kuonetsa imfayo. Ofufuza awiri, Armin Schmidtke ndi Heinz Häfner, adapeza kuti m'masabata amenewo odzipha mwa njira yomweyo adaculuka, makamaka pakati pa anyamata a zaka 15 mpaka 19, ndiwo ofanana ndi wa m'sewero uja. Sewerolo litabwerezedwa caka cotsatira, ciwerengero cidakweranso.

M'caka ca 2017 kampani ya Netflix idatulutsa sewero la 13 Reasons Why, la mtsikana wa sukulu amene asiya mau ojambulidwa oloza anthu amene adamlakwira. Acinyamata ambiri adanena kuti lidawathandiza kuyamba kukamba ndi makolo ao za zinthu zimene ankabisa. Koma ofufuza ena ku America adapeza kuti mu Epulo caka cimeneco, mwezi wotsatana ndi kutuluka kwa sewerolo, ana odzipha a zaka 10 mpaka 17 adaposa ciwerengero coyembekezeka ndi pafupi 29 pa 100 ali onse. Anzao ena adatsutsa kawerengedweko, nati sewerolo silingasenze mlandu wonse. Ngakhale zidali conco, mu Julayi 2019 kampaniyo idacotsa cigawo coonetsa imfa ya mtsikanayo.

Pali umboni wa mbali inanso, ndipo ucokera ku Vienna m'dziko la Austria. Kumeneko, m'caka ca 1987, madokotala adapangana ndi olemba nyuzipepa kuti aleke kulemba mokometsera za anthu odzipha m'njanji za pansi pa mzindawo, ndipo m'miyezi yowerengeka imfa zotere zidacepa koposa theka. M'caka ca 2010 Thomas Niederkrotenthaler ndi anzake, a mu mzinda womwewo, adapeza kuti nkhani zofotokoza munthu amene adafika pa mphepete pa imfa koma nabwerera zimatsatidwa ndi kucepa kwa odzipha. Ici adacipatsa dzina la Papageno, munthu wa m'sewero loyimba la Mozart la caka ca 1791, amene ataganiza kuti wataya wokondedwa wake afuna kudzipha, koma anyamata atatu amletsa namkumbutsa njira ina imene adaiiwala. Werther ndi Papageno adwala nthenda imodzi. Kusiyana kwao nkwakuti wina amva liu lake lokha, pamene mnzake amva liu laciwiri.

Kuletsa sikukwanira

Wina anganene kuti, popeza ngozi iripo, nkwabwino kungotseka mabuku ndi makanema onse otere. Koma wotero ataya ufa pamodzi ndi gaga. Nkhani yolowa mu mtima wa munthu ifika kumene ulaliki wolunjika ulephera kufika. Mfumu Davide atacimwa ndi mkazi wa Uriya naphetsa mwamunayo, mneneri Natani sadayambe ndi kumdzudzula. Adamsimbira za munthu wolemera, mwini nkhosa zambiri, amene adalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Davide adapsa mtima naweruza wolemerayo, ndipo pamenepo mpamene mneneri adamsonyeza kuti wadziweruza yekha. Mfumuyo idadziona m'nthano, monga owerenga Werther adadziona, koma kudziona kwake kudabala kulapa.

Cimodzimodzi Fyodor Dostoevsky wa ku Russia, m'buku lake la mlandu ndi cilango la caka ca 1866, alowetsa wowerenga m'mutu mwa Raskolnikov, wophunzira wosauka amene adapha mai wokongoza ndalama pamodzi ndi mng'ono wake. Owerenga ambiri acita mantha pozindikira kuti alikufunira wakuphayo kuti asagwidwe. Koma wolembayo sasiya munthu yekha m'mutu umenewo. Alipo Sonya, alipo mai wake wa mnyamatayo, alipo wofufuza mlandu, ndipo ali yense atsutsa maganizo ake, mpaka iye adzipereka yekha nalandira cilango ca ku Siberia. Bukuli liposa la Werther mdima, koma liri ndi mazenera.

Eklezia nayenso adayesa njira zonse ziwiri. Kwa zaka mazana anai adasunga mndandanda wa mabuku oletsedwa, umene udaleka kukhala lamulo m'caka ca 1966, pa nthawi ya Papa Paulo VI. Msonkhano waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata ca Inter Mirifica ca pa 4 Disembala 1963, udaphunzitsa kuti kufotokoza zoipa m'nkhani kungathandize kumdziwa munthu mozama ndi kuonetsa ulemerero wa coonadi ndi wa cabwino, pokhapo ngati wofotokozayo adziletsa pa zinthu zofunika ulemu ndi zimene zidzutsa msanga zilakolako. Cikalata comweco cidaikanso udindo pa owerenga ndi oonera, ndi pa makolo ao. Motero mlandu suli mbali imodzi. Wolemba ali ndi mlandu akabveka imfa nsaru yokongola, akaisandutsa njira yobwezera adani, akaonetsa mwatsatanetsatane m'mene icitikira, kapena akabisa anthu amene akadathandiza. Wowerenga ali ndi udindo wodziwa mtima wake.

Muyeso wa wowerenga

Kudziwa mtima kumeneku kudafotokozedwa bwino ndi msilikali wina wobvulala. Mu Meyi 1521, pa nkhondo ya ku Pamplona m'dziko la Spain, cipolopolo ca mzinga cidaphwanya mwendo wa Ignasio wa ku Loyola. Ali cigonere miyezi yambiri, adapempha mabuku a nthano za ngwazi ndi za cikondi amene ankawakonda, koma m'nyumbamo mudapezeka buku la moyo wa Kristu ndi la mbiri za oyera okha. Tsiku lina ankalota za nchito zazikulu zimene akadacitira mkazi wina womveka, monga m'nthano zake zija. Tsiku lina ankalota zotsanzira oyera. Maganizo onse awiri ankamkomera pa nthawi yake. Koma adazindikira kuti oyambawo akatha ankamsiya wouma ndi wosakhutira, pamene enawo ankamsiya ndi mtendere. Adaphunzira kuti cinthu siciyesedwa ndi kukoma kwake pakamwa, koma ndi cimene cisiya m'mimba.

Muyeso umenewu sutanthauza kuti munthu aziwerenga mbiri za oyera zokha. Buku la cisoni cacikulu lingasiye mtima wodekha ndi wofatsa, ndipo kanema woseketsa angasiye mtima wouma. Wowerenga kapena woonera ayenera kudzifunsa zinthu zitatu, osati pamene misozi ikali m'maso, koma m'mawa mwake. Coyamba: kodi nkhaniyi yamsiya wofuna kukhala ndi anthu, kapena wofuna kudzitsekera yekha? Caciwiri: kodi cifundo cimene adamva capeza munthu wamoyo womfikira, mnansi wodwala maganizo, mkazi wamasiye, mwana wosekedwa pa sukulu, kapena cathera pa cithunzi? Akulu adati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe, ndipo nkhani yabwino iphunzitsa zomwezo popanda munthu kulipira mtengo wake. Cacitatu: kodi m'nkhanimo mudamveka liu laciwiri? Ngati silidamveke, wowerenga ayenera kulifuna yekha kwa munthu wamoyo. Amene adziwa kuti masiku ano mtima wake uli ndi bala acita mwanzeru akazengereza nkhani zotere, monga wodwala m'mimba apewa tsabola amene anzake adya popanda bvuto.

Apa mpamene pali nchito ya makolo, ya aphunzitsi ndi ya akatekisti. Kale nthano zinkasimbidwa pa moto, agogo ali pomwepo, ndipo mwana akacita mantha ankaoneka pa nkhope. Lero mwana aonera yekha, cofunda ciri kumutu, ndipo palibe woona nkhope yake. Kumlanda lamya kungathandize usiku umodzi, koma sikuzula cimene calowa kale. Copambana ndiko kukhala naye pansi ndi kumfunsa cimene waona, amene wamkonda m'nkhaniyo, ndi cimene iye akadamuuza munthu wosautsikayo. Mwana amene akwiya ndi nkhaniyo, kapena alira nafuna kuikamba, kawirikawiri ali pa njira yabwino. Woopetsa ndiye amene aibwereza kambirimbiri ali cete, amene anena kuti munthu wa m'nkhaniyo ndi iye, amene aleka kudya, kugona ndi kuceza ndi anzake, kapena ayamba kugawa zinthu zake. Wotereyo ayenera kufunsidwa poyera, mofatsa, ngati alikuganiza zodzipha. Madokotala apeza kuti funso limeneli silibzala maganizowo mwa munthu, koma limtsegulira khomo. Akabvomera, asadzudzulidwe ndiponso asasiyidwe yekha, koma aperekezedwe ku cipatala, pakuti nthenda ya maganizo iri ndi mankhwala monga malungo ali nao.

Werther adalemba makalata kwa caka ndi theka, ndipo bwenzi lake lidatsimikiza zodzamtenga nthawi itatha kale. M'mudzi uli wonse muli wina amene alikulemba makalata otere, mwina ndi mau, mwina ndi kukhala cete kwake. Amene adalirapo cifukwa ca buku kapena kanema wasonyeza kuti mtima womvera ali nao. Catsala ncakuti anyamuke nao mtimawo, akagogode pa khomo la mnansi wake kusanade.